Mtengo wa nyumba suthera pa umene mwagwirizana pakhonde

Kuyambira pa 1 Januwale 2025, munthu aliyense wogulitsa nyumba, puloti kapena famu imene ili ndi taito ayenera kupereka ku boma K8 pa K100 iliyonse ya mtengo wake. Mpaka kumapeto kwa 2024 anali kupereka K5. Msonkho umenewu, umene a ZRA amaucha Property Transfer Tax, unakwezedwa m'bajeti imene Nduna ya za Cuma a Situmbeko Musokotwane anawerenga m'Nyumba ya Malamulo mu Sepitembala 2024. Tsiku limenelo ambiri a ife makutu athu anali pa fataleza, pa unga ndi pa magetsi, ndipo nkhani ya msonkho wa nyumba inangotipitirira, poganiza kuti ndi ya anthu a kumayadi. Komatu mlimi amene wagulitsa soya ndi fodya nafuna kugula kanyumba pa boma kuti ana azigonamo popita kusukulu, ndi mai wamasiye amene afuna kugulitsa nyumba imene anasiya amuna ao, onsewa nkhaniyi ndi yao.

Tiyeni tiwerengere limodzi, abale. Titenge nyumba ya zipinda zitatu ku Kapata mu Chipata kapena ku Matero mu Lusaka, ndipo tinene kuti wogula ndi wogulitsa agwirizana K400,000. Msonkho wa ZRA pa nyumba imeneyo ndi K32,000. Pa mlingo wakale ukadakhala K20,000. Mu 2025 a FRA anali kugula saka la cimanga la makilogiramu 50 pa K340, ndiye kuti msonkho wokhawo ndi masaka 94, ndipo kukweza kuja kunaonjezerapo masaka 35. Amene analimapo adziwa kuti masaka 94 ndi thukuta lotani. Ngati nyumbayo inapezedwa kudzera mwa ejenti, iyenso afuna yake, kawirikawiri K5 pa K100, ndiyo K20,000 ina. Wogula naye ali ndi zake: polembetsa dzina lake ku kaundula wa malo amalipira K1 pa K100, ngakhale kuti ndalamayo ili ndi malire pa nyumba zodula kwambiri, ndipo loya amene walemba mapepala afuna malipiro ake, pamwamba pake ndi VAT ya 16 peresenti. Tisanawerenge n'komwe za basi ndi zogona paulendo, ndalama zoposa K50,000 zacoka kale pakati pa anthu awiriwa popanda njerwa ngakhale imodzi kuonjezeka pa nyumbayo.

Cimene cipweteka pa msonkho umenewu si kukula kwake cabe, koma m'mene amauwerengera. Sauwerengera pa phindu iai, amauwerengera pa mtengo wonse. Boma silifunsa kuti nyumbayo munaigula zingati, munakhomapo malata angati, kapena kuti mukuigulitsiranji. Munthu wa malonda amene anagula puloti mochipa nadikira zaka zisanu kuti mtengo ukwere, ndi nkhalamba imene ikugulitsa nyumba yake yokhayo kuti ilipire cipatala, onse apereka K8 pa K100. Ndipo tikayang'ana m'makomboni ndi m'maboma athu, ndi angati amene amagulitsa nyumba cifukwa cofuna kulemera? Ambiri ndi matenda, ndi fizi ya mwana wa ku koleji, ndi nkhongole, kapena ndi penshoni imene yacedwa. Wogulitsa motero amatsitsa kale mtengo cifukwa ca cangu, tsono msonkho umadula pa zotsalazo.

Lamulo linena kuti wolipira ndi wogulitsa. Koma pakhonde paja zimayenda mosiyana. Wogulitsa wocenjera amaika msonkhowo m'mtengo, wina amauza wogula kuti ine ndifuna ndalama yanga yathunthu, za ku ZRA muone ndinu. Wogula akabvomera osafunsa kuti ndi zingati, amadzadabwa ndalama zitatha kale m'thumba. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ena amapangana zolemba mtengo wocepa papepala, mwina K250,000 m'malo mwa K400,000, kuti msonkho utsike. Njira imeneyi ili ndi minga iwiri. Woyamba, a ZRA sali omangika ku mtengo umene mwalemba. Lamulo liwapatsa mphamvu yoyesa okha mtengo umene nyumbayo ingagulidwe pamsika, ndipo amatenga umene uli wokwera pa iwiriyo. Waciwiri ubaya wogula: malonda akafa pakati, cimene angakaonetse kukhoti ndi cimene cinalembedwa, ndipo K150,000 inaperekedwa m'manja ija ilibe mboni. Kunamiza a msonkho ndi mlandunso paokha.

Nkhaniyi tisaione ngati ya cipani. Lamulo la msonkho umenewu ndi la 1984, nthawi ya a Kaunda. Mu 2011, pansi pa MMD, unacoka pa 3 kufika pa 5 peresenti, ndipo Nduna ya za Cuma inali a Musokotwane omwewa. Mu 2014, pansi pa PF, a Alexander Chikwanda anaukweza kufika pa 10, koma patapita zaka ziwiri zokha iwo omwewo anaubweza pa 5 kuyambira mu 2016. Tsopano pansi pa UPND uli pa 8. Boma lililonse likapanikizika limakumbukira khomo limeneli, pakuti ndi khomo lopapatiza: Unduna wa za Malo sungasinthe dzina pa taito usanaone cikalata ca ZRA cosonyeza kuti msonkho walipidwa. Ndipo boma la lero lili ndi zifukwa zimene sitingazinyoze. Dziko linalephera kulipira nkhongole zake zakunja mu Novembala 2020, linalowa m'pangano ndi IMF mu 2022, ndipo cilala ca 2024 cinaumitsa minda ndi kucepetsa madzi ku Kariba. Sukulu zaulere, mankhwala ndi CDF zifuna ndalama, ndipo ndi bwino kuti amene ali ndi nyumba khumi asonkheko kuposa kukweza msonkho pa mcere ndi sopo. Ife sititsutsa kuti pakhale msonkho. Funso lathu ndi lakuti, kodi K8 imeneyi ikutuladi ndalama ku boma kucokera kwa anthu wamba, kapena ikungowathamangitsa pakhomopo?

Tifunsa tero cifukwa msonkho wa ZRA ndi citseko cimodzi cabe. Lamulo la malo la 1995 linena kuti malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo taito imene munthu ali nayo ndi lendi ya zaka 99. Pa cifukwa cimeneci palibe angagulitse popanda cilolezo ca boma, cimene cicokera kwa Commissioner of Lands. Cilolezoco cili ndi malipiro ake, ndipo sicituluka ngati ground rent, lendi ya caka ndi caka imene mwini taito ayenera kupereka ku Unduna, ili ndi ngongole kumbuyo. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Munthu anatenga taito mu 2003, naiika m'sutukesi pansi pa bedi, osadziwa kuti caka ciliconse pepala limenelo limabala nkhongole. Tsiku logulitsa ndi pamene amuwerengera za zaka makumi awiri, ndi cilango pamwamba. Kukhonsolo nakonso kuli marates, amene ndi msonkho wina wosiyana ndi ground rent, ngakhale ambiri amazisokoneza ziwirizi. Palinso mabilu a madzi otsalira, amene wogula wosasamala amawapeza atalowa kale m'nyumba. Ngati mukudula cigawo ca famu kuti mugulitse, kapena ngati malowo sanapimidwepo, saveya ndiye woyamba kulipidwa, ndipo saveya sachipa.

Pali cinanso cimene cinacitika mwakacetecete. Malipiro ambiri a m'maofesi a boma salembedwa m'makwacha, amalembedwa m'zimene lamulo limacha fee units. Mu 2024 boma linakweza mtengo wa fee unit imodzi kucoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee. Ngwee khumi ioneka ngati yosaoneka ndi maso, koma tanthauzo lake ndi lakuti cikalata ciliconse cowerengedwa motero cimene cinali K300 cinasanduka K400 tsiku limodzi. Kucokera mu 2023 Unduna wa za Malo unasamutsira nchito zake pa makompyuta a ZILAS, ndipo zambiri tsopano zilipidwa pa foni kapena pa intaneti. Kwa amene ali ndi mwana wodziwa zimenezi ndi mpumulo ndithu. Kwa mkulu wa ku Vubwi kapena ku Chama amene alibe, pabadwa munthu wina wapakati wofuna kulipidwa, ndipo cinthu cikagwira penapake ulendo wa ku Mulungushi House mu Lusaka, makilomita oposa 550 kucokera ku Chipata, ukhalapobe.

Nanga munthu wamba akawerenga zonsezi amacita ciani? Amacita cimene tonse tidziwa. Amalemba kalata ya malonda pa pepala la m'kope, acheyamani a m'komboni ndi mboni ziwiri nasaina, wogulitsa napereka taito m'manja mwa wogula, nagwirana canza. Wogula alowa m'nyumba, aika siling'i, amanga mpanda, abzala mango, koma ku kaundula wa boma nyumbayo ikali ya munthu wakale. Malinga onse ali moyo ndipo ali paubwenzi, palibe cobvuta. Bvuto limadza wogulitsa uja akamwalira. Ana ake, amene mwina sanaone ndi ngwee yomwe ya malonda aja, amapita kukafufuza napeza dzina la atate ao likalipo. Kuti dzina lisinthe tsopano pafunika administrator wa cuma ca malemuyo kuti asaine, ndipo iyeyo angakane, angasowe, kapena angafune kuti mumugulenso. Msonkho nao sudikira pa mtengo wakale. Mudzaulipira pa mlingo ndi mtengo wa tsiku limene mwapita ku ZRA. Lamulo la kaundula wa malo lipereka masiku 30 okha olembetsa cikalata ca malonda ngati casainidwa kumene kuli kaundulako, ndi masiku 90 ngati casainidwa kwina m'dziko muno. Kupitirira apo cikalataco cilibe mphamvu pokhapokha khoti litalola. Nyumba zambiri za khonsolo zimene a Chiluba anagulitsa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, ku Chilenje, Kabwata, Libala ndi m'maboma a kumidzi, zapita kale m'manja awiri kapena atatu mwa njira imeneyi. Boma silipezapo kanthu pa malonda otere, wogula alibe citetezo, ndipo opindula ndi maloya a milandu.

Pali mbali ina ya lamuloli imene ikhudza ife a kum'mawa kuposa m'mene olilemba anaganizira. Munthu akapatsa nyumba kwa wa m'banja lake popanda kulandira ndalama, msonkho palibe, ndipo ndi cimodzimodzi nyumba ikapita kwa wa m'banja cifukwa ca imfa. Izi ndi zabwino, ndipo makolo amene afuna kukonza zinthu akali moyo ayenera kuzidziwa. Koma banja limene lamulo lidziwa ndi mkazi kapena mwamuna wa munthu, mwana wake womubala, mwana womulera mwa cilolezo ca khoti, ndi mwana womupeza. Mlongo wako mulibemo. Mng'ono wako mulibemo. Mdzukulu amene wakhala akukusamala m'ukalamba mulibemo, ndipo mwana wa mlongo wako, amene kwa Acewa ndi Ansenga ndiye mbumba yako yeniyeni, pamaso pa ZRA ali ngati mlendo wodutsa pamseu. Atsibweni akafuna kupatsa mwana wa mlongo wao puloti kwaulere, ayenera kupeza K8 pa K100 ya mtengo wa pulotiyo, ngakhale kuti sanalandirepo kanthu. Tikakumbukira mabanja angati m'dziko muno amene agogo ndiwo analera adzukulu makolo atatha ndi matenda m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, tiona kuti mndandanda umenewu ndi waufupi kwambiri. Kuonjezerapo mdzukulu ndi mbale wa bere limodzi sikungagwetse cuma ca boma.

Polankhula za imfa tikumbutsanenso kuti lamulo la cuma ca masiye la 1989 lipereka nyumba ya malemu kwa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo akhala m'menemo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Administrator si mwini nyumba, ndipo sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Wogula nyumba ya masiye afunse pepala limenelo asanatulutse ndalama, apo ai angalipire zonse, ndi msonkho womwe, pa malonda amene khoti lidzawafafaniza.

Anzathu alimi a m'midzi anganene kuti ife malo athu ndi a mafumu, izi sizitikhudza. N'zoona, munda wa makolo ulibe ground rent ndipo ulibe marates. Koma masiku ano ambiri akulimbikitsidwa kutenga taito pa minda yao, ndipo pali zifukwa zomveka, makamaka kumene tauni ikukula ndi kumene obwera ndi ndalama akuloza malo ndi cala. Njira yake iyambira kwa anyakwawa ndi kwa mfumu, ipita kukhonsolo, kwa saveya, mpaka kwa Commissioner of Lands, ndipo sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake. Cofunika kudziwa musanayambe ndi cakuti malo akacoka kwa mfumu kulowa pa taito, palibe njira yoikika yowabwezera. Kucokera tsiku limenelo muli pa lendi ndi boma caka ndi caka, kaya mvula yagwa kaya kwacita cilala, ndipo tsiku logulitsa kapena lopatsa mwana wa mlongo wanu K8 ija idzakhala ikukudikirani. Taito ndi cinthu cabwino kwa amene angaisamale. Kwa amene aiona ngati pepala losunga m'sutukesi, ndi nkhongole yogona.

Ambiri amafuna taito kuti akaikire cikole kubanki, ndiye tinenepo za mbali imeneyo. Kuika nyumba cikole kulibe msonkho wa K8 uja, popeza mwini sanasinthe. Koma kuli zake. Banki kapena Zambia National Building Society idzatuma woyesa mtengo wa nyumba, ndipo wolipira ndinu. Idzadula ndalama yokonzera nkhongoleyo musanaigwire n'komwe. Loya wa banki amene alemba cikalata ca cikole mulipira ndinu, kulembetsa cikoleco ku kaundula ndinu, inshuwalansi ya moto ndi ya moyo wanu ndinu, mwezi ndi mwezi mpaka nkhongole itatha. Mukamaliza kubweza pali kulipiranso kuti cikole cifafanizidwe pa taito, ndipo ena amaiwala zimenezi mpaka tsiku limene afuna kugulitsa. Tsono amene afuna kusamutsa nkhongole yake kucoka ku banki ina kupita ku ina cifukwa wamva kuti kumeneko ciwongoladzanja n'cotsikirako, adziwe kuti adzadutsa m'zitseko zonsezi kaciwiri: kufafaniza cikole cakale, kuyesanso nyumba, loya watsopano, kulembetsa kwatsopano. Ngati kusiyana kwa ciwongoladzanja ndi kocepa ndipo zaka zotsala n'zowerengeka, zolipira za kusamukako zingadye phindu lonse. Mu Febuluwale 2025 Bank of Zambia inakweza mlingo wake kufika pa 14.5 peresenti, ndipo m'caka cimeneco mabanki anali kukongoza anthu pa ciwongoladzanja copitirira 25 peresenti. Pa mlingo wotere, wokongola K200,000 apereka K50,000 ya ciwongoladzanja cokha m'caka coyamba. Ulimi wa cimanga ca mvula ndi wocepa umene ungabweze zotere.

Pothawa mapepala a kubanki ena amathamangira kwa a kaloba, kumene ndalama ituluka tsiku lomwelo. Kumeneko ndiye kuli dzenje lenileni. Ena mwa okongozawa sakusainitsani pepala la nkhongole, amakusainitsani pepala la malonda a nyumba, natenga taito ndi fotokope ya reji yanu, nanena kuti ndi mwambo cabe, mukabweza tidzang'amba. Mukacedwa mwezi umodzi, iwo K8 pa K100 saiopa. Amailipira mokondwa, pakuti nyumba ya K400,000 aipeza ndi K60,000. Makhoti athu aweruzapo milandu yotere, ndipo ena anabwezeredwa nyumba zao, koma patapita zaka ndi ndalama zambiri. Pepala limene pamwamba pake palembedwa kuti Contract of Sale ndi malonda, kaya wokupatsani colembera akumwetulira motani.

Ife tiona kuti boma likadapeza zambiri likadasiyanitsa pakati pa nyumba ndi nyumba. Nyumba ya mtengo wocepa, imene ndi yokhayo ya banja, ikadakhala ndi mlingo wotsika kapena malire a mtengo amene pansi pake palibe msonkho, ndipo K8, ngakhale K10, ikadatsala pa nyumba za mamiliyoni, pa mafamu akulu ndi pa amene malonda ao ndi kugula ndi kugulitsa mapuloti. Msonkho wa pa malipiro a anthu a pa nchito uyenda kale motero: wolandira zocepa salipira, wolandira zambiri alipira zambiri. Cina ndi kupereka nyengo, kaya caka cimodzi, yoti onse amene anagula ndi kalata ya m'kope asinthe maina pa mtengo wotsika wogulitsa akali moyo. Boma lakhala likuononga ndalama zambiri pa nchito yopereka mataito, imene mu 2020 inalonjeza mataito 4 miliyoni m'zaka zisanu ndi ziwiri mothandizana ndi kampani ya Medici Land Governance. Koma taito imene iperekedwa lero, ikagulitsidwa mawa popanda kusintha dzina, kaundula abwerera pamene anali. Bajeti kawirikawiri imawerengedwa kumapeto kwa Sepitembala, ndipo Unduna wa za Cuma umaitanitsa maganizo a anthu miyezi ingapo izi zisanacitike. Mabungwe a alimi, makomiti a cilungamo ndi mtendere m'maparishi ndi aphungu athu ali ndi mpata wotula nkhaniyi kumeneko.

Pakali pano lamulo ndi limene lilipoli, ndipo amene ali pafupi kugula kapena kugulitsa ayenera kuyenda nalo. Musanachule mtengo, wogula akafufuze ku kaundula wa malo kuti taito ili m'dzina la yani ndiponso ngati ilibe cikole kapena caveat ya munthu wina. Ndalama ya kufufuzako ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imene mufuna kutulutsa. Nyumba za m'makomboni ena, monga Chawama ndi Kanyama, mapepala ake ali kukhonsolo, ndipo ambiri ndi occupancy licence ya zaka 30, osati taito ya zaka 99, tsono kofunsa ndi kumeneko. Wogulitsa aonetse malisiti a ground rent, a marates ndi a madzi. Onse awiri akhale ndi TPIN, pakuti popanda imeneyo ku ZRA sikuyenda kanthu. M'kalata ya malonda mulembedwe poyera kuti msonkho alipira ndani, loya alipira ndani, ejenti alipira ndani. Ndipo wogula asapereke ndalama zonse tsiku limodzi: gawo lomaliza, losacepera pa msonkho wa ZRA ndi nkhongole zonse za nyumbayo, likhale m'manja mwa loya mpaka cilolezo ca boma ndi cikalata ca msonkho zitatuluka, ndipo wogulitsa atasaina pepala losintha dzina.